Dzino Lobzala Pansagwada: Funsani Mtengo Wonse Musanayambe

Kawirikawiri pa tsamba lino timakamba za kupewa: kutsuka mano, kuchepetsa shuga, kuthamangira kuchipatala dzino lisanabooke kwambiri. Koma alipo anzathu ambiri amene dzino linachoka kale. Ena analizulitsa atagona masiku angapo osatseka diso, ena linathyoka pa ngozi ya kabaza kapena ya minibasi. Tsopano ana awo amene ali ku Johannesburg, ku Manchester kapena ku Indiana akuwauza pafoni kuti, "Amayi, musamayende ndi magweru, tikakuikitseni implant." Mtima wa anawo ndi wabwino. Chovuta n'chakuti mabanja ambiri amayamba ntchitoyi atamva mtengo wa gawo limodzi lokha, ndalama n'kuthera panjira dzino lisanaoneke.

Kodi implant n'chiyani?

Ambiri tikamva mawu amenewa timaganiza za njira yolerera ya pamkono. Ya mano ndi ina. Ndi kamsomali kamazinga, kopangidwa ndi chitsulo chotchedwa titanium, kamene dokotala amakalowetsa m'fupa la nsagwada kuti kakhale ngati muzu wa dzino. Njirayi inachokera ku Sweden. Mu 1952 dokotala wina, Per-Ingvar Brånemark, akuchita kafukufuku pa mafupa a akalulu, anaona kuti titanium inali itagwirana ndi fupa moti sinkachokanso. Mu 1965 anaika mano otere mwa munthu woyamba mu mzinda wa Gothenburg.

Ntchito yake siyitha tsiku limodzi. Poyamba dokotala amakupimani ndi kujambula nsagwada kuti aone ngati fupa lilipo lokwanira. Ngati laphwa, amayamba waliwonjezera, ndipo zimenezi zili ndi mtengo wake. Kenako amaika kamsomali kaja, inu n'kudikira miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi kuti fupa likagwire. Pomaliza amamangirirapo kachitsulo kolumikizira, kotchedwa abutment, ndipo pamwamba pake amavekapo dzino looneka lija, limene amalitcha crown. Choncho dzino limodzi lili ndi zigawo zitatu ndi maulendo angapo. Zotsatsa zambiri za pa Facebook zimatchula mtengo wa kamsomali kokha.

Mitengo m'mayiko osiyanasiyana

Mitengo imasintha chaka ndi chaka, ndiponso chipatala ndi chipatala, koma chithunzi chake ndi ichi. Ku America dzino limodzi, zonse zitatha, nthawi zambiri limadya madola 3,000 mpaka 6,000. Pa mtengo wa kubanki wa m'chaka cha 2025, madola 3,000 okhawo ndi ndalama zoposa K5 miliyoni. Ku Britain zipatala zolipira zimatchula mapaundi 2,000 mpaka 3,000, ndipo ku London mtengo umakonda kukwera kuposa m'mizinda ing'onoing'ono. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito, dzino lotere limayambira cha m'ma R15,000 n'kupitirira R30,000. Ku India kuli zipatala zimene zimatchula marupi 25,000 mpaka 50,000, omwe ndi madola mazana angapo chabe.

Kusiyana kumeneku n'kumene kumachititsa anthu kudumpha malire. A ku Britain amakwera ndege kupita ku Budapest m'dziko la Hungary, kapena ku Istanbul ndi Antalya m'dziko la Turkey, kumene angalipire theka la mtengo wa kwawo kapena kucheperapo. A ku America amawoloka kupita ku Los Algodones, katawuni ka ku Mexico ka m'malire ndi Arizona, kodzaza ndi zipatala za mano.

Chimene chimasiyanitsa mitengo si kamsomali kwenikweni. Ndi lendi ya chipatala, malipiro a dokotala ndi omuthandiza, inshuwalansi, ndi mtengo wa kumene amaumba crown. Mtundu wa kamsomali nawo umathandizira: wa kampani ya Straumann ya ku Switzerland kapena ya Nobel Biocare umadula kuposa wa Osstem ya ku South Korea.

Kwathu kuno nkhani ndi ya ndalama zakunja. Zipangizo zonse zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi madola. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse choitanitsa kunja chinakwera. Zipatala za boma zimathandiza kwambiri pa kuzula ndi kumata mano, pomwe ntchito ya implant imapezeka kwa madokotala ochepa a zipatala zolipira m'mizinda ikuluikulu. Madokotala a mano m'dziko muno ndi ochepa ndithu, ndipo maphunziro a digiri yawo anayamba mu 2019 pa College of Medicine ku Blantyre, imene tsopano ili gawo la Kamuzu University of Health Sciences.

Walira mvula walira matope

Tiyerekeze kuti banja lasankha India chifukwa cha mtengo wotsika. Kuchoka ku Lilongwe munthu adzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi. Pafunika pasipoti, viza, tikiti, malo ogona ndi chakudya. Ngati wodwala ndi wachikulire, pafunikanso womuperekeza, ndiye zonse ziwerengedwe kawiri. Popeza fupa limafuna miyezi kuti ligwire, ulendo ukhalanso kawiri: woyamba wokaika kamsomali, wachiwiri wokaika crown. Pa dzino limodzi, matikiti okha angapose ndalama imene mumati mupulumutsa. Ulendo wotere umayamba kupindula ngati mano ofunika kukonza ndi ambiri, kapena ngati munthu ali kale ndi chifukwa china chopitira kumeneko.

Palinso funso limene ambiri amaliiwala: zikadzavuta mutabwerera kumudzi, adzakuthandizani ndani? Crown imatha kugwedera, nkhama zimatha kutupa. Kampani iliyonse ili ndi mazinga ake ndi zomasulira zake, moti dokotala wa ku Blantyre kapena ku Lusaka sangathe kumasula kachitsulo ka mtundu umene alibe zida zake. Musachoke pachipatala chilichonse, chakuno kapena chakunja, musanalandire kapepala kolembedwa dzina la kampani, mtundu ndi kukula kwa kamsomali kanu, pamodzi ndi zithunzi za nsagwada. Kasungeni pamodzi ndi buku lanu lakuchipatala.

Safunsa anadya phula. Musanapereke ndi tambala yomwe, pemphani kuti akulembereni papepala mtengo wa kupima ndi kujambula, wa kuzula chitsa ngati chilipo, wa kuwonjezera fupa, wa kamsomali, wa abutment, wa crown, wa dzino logwirizira pamene mukudikira, ndi wa maulendo okaonedwanso. Funsaninso kuti kamsomali kakakana kugwira, wolipira kachiwiri ndani. Pezani mapepala otere kwa madokotala awiri kapena atatu, ndipo muwayerekeze mzere ndi mzere.

Njira zopezera ndalama

Kuchedwa kwa ntchitoyi kuli ndi ubwino wake: simuyenera kulipira zonse nthawi imodzi. Pemphani kuti muzilipira gawo lililonse likamachitika. Miyezi yodikira ija ndi nthawi yosonkhanitsa ndalama ya crown. Amene muli m'banki m'khonde kapena m'chipereganyu, konzani kuti tsiku loika kamsomali lidzagwe mutagawana kapena itafika nthawi yanu yolandira. Alimi angakonze kuti ligwe atagulitsa zokolola. Ngati ana angapo agwirizana zosonkha, alembe kuti wakuti apereka zingati ndi mwezi uti, ndipo ndalamayo ikhale mu akaunti yakeyake kuti isadyedwe ndi maliro kapena fizi.

Ngati muli pa MASM kapena pa inshuwalansi ina ya kuntchito, pitani mukafunse musanayambe, ndipo yankho likhale lolembedwa. Mabungwe otere amakhala ndi malire a ndalama za mano pa chaka. Ngati avomera kulipirako, funsani ngati n'kotheka kuika kamsomali kumapeto kwa chaka chawo, crown n'kudzaika chaka chotsatira, kuti mupindule ndi zaka ziwiri.

Abale a ku Britain adziwe kuti NHS imalipira implant pa zifukwa zapadera zokha, monga kwa amene anataya mano chifukwa cha khansa, ngozi yaikulu, kapena amene anabadwa opanda mano ena. Komabe ku England mano oikirira ndi bridge zimapezeka pa NHS pa mtengo woposa pang'ono mapaundi 300. Ku America, Medicare wamba salipira implant, ndipo inshuwalansi ya mano nthawi zambiri imalekeza pa madola 1,000 mpaka 2,000 pa chaka. Kumeneko ambiri amapita ku sukulu zophunzitsa madokotala a mano, kumene ophunzira amagwira ntchito moyang'aniridwa ndi aphunzitsi awo pa mtengo wotsikirapo. Loma Linda University ku California ndi imodzi mwa sukulu zoterezi. Kuipa kwake n'kwakuti mumakhalitsa pampando ndipo maulendo amachuluka.

Chimene ndikukuchondererani n'chakuti musatenge katapila chifukwa cha dzino, ndiponso musagulitse munda. Gweru silipha munthu mwezi uno. Dzino limene likupweteka, kutupa kapena kutuluka mafinya ndi limene silidikira, koma malo amene apola angathe kudikira pamene mukusonkha. Mungodziwa kuti fupa la pamalo ozulidwa limaphwa, makamaka m'chaka choyamba, ndiye funsani dokotala kuti inuyo mungadikire nthawi yaitali bwanji.

Kodi implant ndi yofunikadi kwa inu?

Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32, koma bungwe la World Health Organization linaika mano 20 ogwira ntchito bwino ngati mlingo wokwanira kutafuna ndi kulankhula. Ngati lachoka ndi dzino lakumapeto kwenikweni ndipo nsima, mtedza ndi chimanga chootcha mukudya bwinobwino, mwina simukufunika kuikapo kanthu. Ngati gweru lili kutsogolo, mano oikirira ochotsa pogona ndi otsika mtengo kwambiri, ndipo akathyoka amakonzeka kwathu konkuno. Bridge ndi dzino lokoloweka pa mano awiri oyandikana nalo. Ilo siligwedera ngati oikirira, koma dokotala amayamba wapala mano awiri abwinowo. Kwa agogo amene mano onse apansi anatha ndipo oikirira amangoterereka, timisomali tiwiri tokha tingagwire mano oikirirawo, m'malo moika dzino lililonse palokha.

Thanzi lanu nalo lili ndi mbali pa ndalamazi. Mwa ma implant khumi, oposa asanu ndi anayi amakhala alipobe patatha zaka khumi, koma amene amalephera amapezeka kwambiri mwa osuta fodya, a matenda a shuga amene sakutsika, ndi a nkhama zotuluka magazi. Yambani mwakonza zimenezi, chifukwa kupanda kutero mamiliyoni aja angalowe m'madzi. Uzaninso dokotala mankhwala onse amene mumamwa, makamaka ochepetsa kuundana kwa magazi ndi olimbitsa mafupa. Ana saikidwa implant mpaka nsagwada itasiya kukula, cha m'ma zaka 18 kapena kupitirira apo.

Dzino lobzala silibooka, koma nkhama ndi fupa lozungulira zimadwala mukapanda kutsuka. Mswachi kawiri pa tsiku, kuyeretsa m'mipata ya mano, ndi kukaonedwa ndi dokotala chaka ndi chaka zikhala mbali ya moyo wanu, ndipo crown ingadzafune kusinthidwa pakapita zaka khumi kapena khumi ndi zisanu. Ikaninso zimenezi pa pepala lanu lija. Mukawonkhetsa zonse, khalani pansi ngati banja musankhe chimene mungamalize kulipira popanda kumana ana fizi kapena chakudya.