Chifundo Chisamasankhe Nkhope

Pa 23 Okutobala 1984 wailesi ya kanema ya BBC inaonetsa zithunzi za njala yoopsa imene inagwa ku Korem, kumpoto kwa dziko la Ethiopia. Anajambula zithunzizo ndi Mohamed Amin wa ku Kenya, ndipo amene ankafotokoza anali mtolankhani Michael Buerk. Njalayo sinayambe tsiku limenelo ayi. Anthu anali atayamba kale kufa, ndiponso mabungwe othandiza anali atachenjeza kale. Koma maiko olemera anadzidzimuka pokhapo pamene anaona nkhope za anthu ovutikawo ndi maso ao. Patangopita mwezi umodzi, oimba otchuka motsogozedwa ndi Bob Geldof ndi Midge Ure anajambula nyimbo yopezera thandizo m'dzina la Band Aid, ndipo pa 13 Julaye 1985 kunachitika chionetsero chachikulu cha Live Aid ku London ndi ku Philadelphia, chimene chinaonetsedwa pa kanema m'maiko ochuluka.

Zimenezi zinatsimikizira mabungwe opempha thandizo chinthu chimodzi: munthu amapisa dzanja m'thumba msanga akaona kusiyana ndi akangomva. Pamenepa mpamene pagona nkhani yofunika kuilingalira mofatsa. Kamera siingajambule anthu onse ovutika. Pamakhala munthu wina amene amasankha nkhope yoti ioneke, ndipo nkhope zosankhidwazo zimakhala ziwiri: ya munthu wopempha, ndi ya munthu amene akupemphedwera thandizolo. Umboni umene ulipo ukusonyeza kuti kawirikawiri nkhope ziwirizi zimasankhidwa potsata maonekedwe, osati potsata kukula kwa vuto. Mchitidwe umenewu ngolakwika, ngakhale umabweretsa ndalama.

Choyamba nkofunika kudziwa kuti ntchito ya kanema yakhala ikusankha anthu potengera maonekedwe kuyambira kale. M'chaka cha 1981 mai Christine Craft anachotsedwa pa mpando wowerenga nkhani pa wailesi ya kanema ina ya ku Kansas City, m'dziko la America. Iwo anauza bwalo la milandu kuti akuluakulu a wailesiyo anawanena kuti ngokalamba ndiponso ngosakongola, pamene anali asanakwanitse nkomwe zaka 40. Poyamba mlandu unawakomera, koma mabwalo aakulu anadzafafaniza chigamulocho. Ku Britain, mai Miriam O'Reilly anachotsedwa pa pulogalamu ya BBC ya zakumidzi yotchedwa Countryfile pamene inasamutsidwira ku nthawi yamadzulo imene anthu ambiri amaonera. Mu 2011 bwalo loona za ntchito linagamula kuti maiyo anasalidwa chifukwa cha msinkhu wao, ndipo BBC inapepesa. Tsono ngati kanema amasefa chotere antchito ake omwe, nzosadabwitsa kuti sefa yomweyo imagwiranso ntchito pamene akupempha thandizo la osauka.

Kuti nkhope ya wopempha ili ndi mphamvu, akatswiri a zachuma anachita kuyesa. Mu 2006 John List ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita m'boma la Pitt ku North Carolina, kumene anatumiza anthu kukapempha thandizo khomo ndi khomo m'nyumba pafupifupi 5,000. Anapeza kuti atsikana amene anthu ena anawaika m'gulu la okongola kwambiri anatolera ndalama zambiri kuposa anzao, makamaka m'makomo amene anatsekula chitseko anali mwamuna. Ntchito yopemphedwerayo inali imodzimodzi.  Ichi nchifukwa chake mabungwe akuluakulu amathamangira oimba ndi ochita masewero a pa kanema kuti awaimirire, ngakhale anthuwo atakhala kuti sadziwa kanthu za nthenda kapena njala imene akuikamba.

Nkhope yachiwiri, ya wopemphedwera thandizo, nayonso ili ndi mbiri yake. Ku America bungwe la March of Dimes, limene linkalimbana ndi nthenda ya poliyo, linayamba mu 1946 kusankha mwana mmodzi wodwala kuti chithunzi chake chikhale pa zikwangwani zopemphera ndalama. Kuyambira mu 1966 mpaka mu 2010, katswiri wa nthabwala Jerry Lewis ankatsogolera chaka ndi chaka pulogalamu yaitali ya pa kanema yopempha thandizo la anthu odwala nthenda yofooketsa minofu, ndipo ana odwala ankaonetsedwa kuti owonera agwidwe chisoni. Koma eni ake a nthendayo ena sanakondwe nazo. Mu 1981 Evan Kemp, loya amene naye anali ndi nthenda ya minofu, analemba m'nyuzipepala ya New York Times kudandaula kuti pulogalamuyo imachititsa anthu kuona olumala ngati ana osatha kudzithandiza. Mu 1991 ena amene anaonetsedwapo ali ana anayamba kuitsutsa poyera. Dandaulo lao linali lomveka: pamene anali ana a masaya osalala aliyense ankawafuna, koma atakula nafuna ntchito, sukulu ndi nyumba zoti njinga ya olumala ilowemo, kamera inali itatembenukira kwa mwana wina.

Pali kafukufuku wina amene Amalawi ayenera kumudziwa bwino, pakuti dzina la dziko lino lilimo. Mu 2007 Deborah Small, George Loewenstein ndi Paul Slovic anafalitsa zimene anapeza atapatsa ophunzira a ku America madola 5 aliyense, nawapempha kuti athandize bungwe la Save the Children. Gulu limodzi linawerenga za mavuto a anthu mamiliyoni, ndipo chiganizo china chinkanena za ana oposa mamiliyoni atatu amene anakhudzidwa ndi kuperewera kwa chakudya m'Malawi. Gulu lina linaona chithunzi cha kamtsikana kamodzi ka zaka 7 ka ku Mali, kotchedwa Rokia. Amene anawerenga za mamiliyoni anapereka pafupifupi dola 1.14 aliyense, pamene amene anaona kamtsikanako anapereka madola 2.38. Chodabwitsa nchakuti pamene chithunzicho chinaikidwa pamodzi ndi ziwerengero zija, zopereka zinatsika kufika pa dola 1.43. Kunena mwachidule, ana a ku Malawi mamiliyoni atatu anagonja pamaso pa nkhope imodzi.

Ndipo si nkhope iliyonse imene imapambana. Mu 2015 ofufuza amene anaunika bungwe la Kiva, limene limapezera anthu a mabizinesi ang'onoang'ono ngongole kudzera pa intaneti, anapeza kuti opempha okongola, oyererapo khungu ndiponso osanenepa ankalandira ndalama msanga kuposa anzao. Mu 2017 Cynthia Cryder, Simona Botti ndi Yvetta Simonyan anasonyeza kuti anthu akamapereka mofulumira, mongotsata mtima, amasankha wokongola ngakhale akudziwa kuti wina ngwovutika koposa. Koma akapatsidwa mpata woganiza mofatsa amasankha wovutikitsitsayo. Apa pakuoneka kuti munthu payekha si woipa mtima. Vuto nlakuti pempho la pa kanema limakonzedwa mwadala kuti woonera apereke asanaganize.

Kungakhale kusalungama kunena kuti njira zimenezi sizinathandize munthu. Ndalama za March of Dimes ndizo zinathandiza Jonas Salk kupeza katemera wa poliyo, amene analengezedwa mu 1955 kuti akugwira ntchito, ndipo ana a ku Malawi nawonso apindula ndi nkhondo yolimbana ndi poliyo imene inatsatirapo. Birhan Woldu, mwana wa ku Ethiopia amene anajambulidwa mu 1984 ali pafupi kutsirizika, ndipo chithunzi chake chinaonetsedwa pa Live Aid, anachira, anaphunzira sukulu, ndipo mu 2005 anaimirira pamaso pa chikhamu cha anthu ku London pa chionetsero cha Live 8. Amene amateteza njirazi amafunsa kuti: ngati nkhope yokongola ingadzetse matumba a chimanga, cholakwika nchiyani? Funso limeneli nlolemera, ndipo liyenera kuyankhidwa mosazemba.

Yankho loyamba nlakuti ndalama zikazolowera kulondola kamera, mavuto amene saoneka bwino pa kanema amatsalira m'mbuyo. Pali nthenda yotchedwa noma, imene imagwira ana aang'ono operewera zakudya niwadya masaya, milomo ndi mphuno. Nthenda imeneyi yakhala ikupha ana a anthu osauka kwa zaka mazanamazana, koma bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaiika pa mndandanda wa nthenda zonyalanyazidwa mu Disembala 2023. Ndani angaike mwana wotere pa chikwangwani? Chimodzimodzinso mai amene ali ndi fistula, amene mkodzo umangotuluka chifukwa cha kuvutika pobereka; munthu wakhate amene zala zinaduka; wakhunyu amene anagwera pamoto; wodwala misala; ndi nkhalamba imene ikulera zidzukulu zamasiye m'nyumba yodontha. Anthu amenewa ndiwo asowa thandizo koposa, koma ndiwo amene wokonza pulogalamu amaopa kuti woonera akawaona asintha siteshoni. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Chifundo chimene chimayamba chaona mwendo chasiyana ndi mwambo umenewu.

Yankho lachiwiri nlakuti pali chinthu china chimene chimaonongeka, chimene sichilembedwa m'mabuku a ndalama, ndicho ulemu wa munthu. Pempho la pa kanema likafuna kugwira mtima limaika mlendo wotchuka, wosamba bwino, pambali pa mwana wa maso aakulu amene sakuyankhula kanthu. Mai wa mwanayo, namwino wa pachipatala ndi mlangizi wa zaulimi amene akhala akulimbana ndi vutolo chaka chonse saoneka. Woonera wa kutali amatsala ndi chikhulupiriro chakuti mu Africa mulibe munthu wodziwa kudzithandiza. Ophunzira a ku Norway a bungwe la SAIH anaona choipa chimenechi, ndipo mu 2012 anatulutsa kanema woseka mchitidwewu, woonetsa Aafirika akusonkha zotenthetsera m'nyumba kuti apulumutse anthu a ku Norway ku chisanu. Mu 2019 phungu wa nyumba ya malamulo ya ku Britain, David Lammy, anadzudzula bungwe la Comic Relief pamene mtolankhani wa pa kanema Stacey Dooley anajambulitsa atanyamula mwana ku Uganda. Mu 2020 bungwelo linalengeza kuti lasiya kutumiza anthu otchuka ku Africa kukajambula mapempho, ndi kuti lidzagwiritsa ntchito ojambula a m'maiko momwemo. Izi zikusonyeza kuti njira ina ilipo, ndipo ngakhale eni ake a mchitidwewu aivomereza.

Nkhaniyi si ya kutsidya kwa nyanja kokha. Malawi anayamba kukhala ndi wailesi ya kanema yakeyake mu 1999, ndipo masiku ano aliyense amene ali ndi foni yojambula angathe kuika chithunzi cha wodwala pa Facebook napempha thandizo. Kuonjezera apo, alendo odzajambula mapempho safika okha m'mudzi. Amadzera ku ofesi ya boma, amaperekezedwa ndi wogwira ntchito zachitukuko kapena zaumoyo, amalandiridwa ndi nyakwawa, ndipo amamva zonse kudzera mwa womasulira. Choncho dzanja limene limaloza mwana woti ajambulidwe nthawi zambiri limakhala la mwini dziko. Udindo umenewu ngwaukulu, ndipo suyenera kutengedwa ngati ntchito yongosangalatsa alendo.

Wogwira ntchito wanzeru, asanalole kamera kulowa m'mudzi, ayenera kufunsa mafunso angapo. Kodi kholo la mwanayo lauzidwa m'chinenero chake kumene chithunzicho chikaonetsedwe, ndipo lavomera popanda kuopa kuti likakana lichotsedwa m'kaundula wa olandira thandizo? Kodi amene adzapindule asankhidwa potsata kaundula wa ovutika amene mudzi wonse unagwirizana, kapena potsata amene waoneka bwino pa chithunzi? Kodi eni vuto apatsidwa mpata wolankhula okha? Nanga ndalama zikadzatoleredwa, ndani adzafotokozere mudziwo kuchuluka kwake ndi m'mene zagwirira ntchito? Mafunso amenewa si achilendo kwa mabungwe okhulupirika. Malamulo a kakhalidwe amene bungwe la Red Cross linakhazikitsa mu 1994 pamodzi ndi mabungwe ena othandiza pa ngozi amanena kuti thandizo liyenera kugawidwa potsata kusowa kokha, ndi kuti pofalitsa nkhani anthu ovutika aonetsedwe monga anthu aulemu wao. Bungwe limene lingakwiye ndi mafunso otere ladziulula lokha.

Nawonso a mawailesi a kanema a m'dziko muno ayenera kutolapo phunziro. Posankha munthu wotsogolera pulogalamu yopempha thandizo, choyenera kuyang'ana ndi kudziwa kwake nkhaniyo ndi kukhulupirika kwake. Namwino wa imvi amene wagwira ntchito zaka zambiri m'chipinda cha ana operewera zakudya angathe kufotokoza vutolo momveka kuposa mtsikana kapena mnyamata wosankhidwa chifukwa cha mano oyera. Woonera nayenso, asanatumize ndalama, ndi bwino adekhe pang'ono nadzifunse ngati akuthandiza wovutika kapena akungolipira nkhope imene yamsangalatsa.

Makolo anachenjeza kale kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kupatsa nkuika, ndipo woika chuma chake amayamba waonetsetsa pamene akuika. Mtundu wa anthu umene uli ndi mwambo wothandizana pa maliro, pa matenda ndi pa njala sunayambe wafunsapo ngati wovutikayo ngwokongola. Mwambo umenewu ndiwo uyenera kulamulira kamera ikafika m'mudzi.