Mwana wanga ndinamuchotsa dala ku nasale

Pagulu la WhatsApp la kubanja kwathu ndatchuka masiku ano. Akuti ndine uja akusunga mwana pakhomo ngati nkhuku. Azakhali mpaka anandiimbira foni: "Mwanawe, ngati vuto ndi ndalama tanena, tisonkhe." Si ndalama, azakhali. Ndinamuchotsa dala.

Mwanayu ali ndi zaka 4. Ku nasale anapitako miyezi 6. Ankaimba ABC mpaka ku Z, koma ukamulozera chilembo chimodzi pachokha, maso kudenga. Zimenezo ndikanapirira. Chinandiwawa ndi tsiku lomwe agogo ake anabwera kuchokera ku Ntcheu, n'kumufunsa kuti wadzuka bwanji, iye pakamwa tseke. Kenako anandinong'oneza kuti atitcha anati wolankhula Chichewa azigwada pakona. Ndiye kuti ine mwezi ndi mwezi ndinkalipira kuti mwana wanga aphunzire kuchita manyazi ndi agogo ake?

Tinayambira pakhonde. Ndisaname, poyamba ndinapusa. Bandulo yonse inathera pa YouTube kuonera amayi a ku America okhala ndi chipinda chapadera chophunzirira, mashelefu mbali zonse. Ndinakasindikiza mapepala a "A for Apple", mwana n'kuwapinda kupanga ndege. Sanalakwe.

Zinayamba kuyenda nditabwerera ku a e i o u, kenako ma me mi mo mu. Chichewa timachilemba momwe chimamvekera, ndipo mwayi umenewu timaupeputsa. Mwana akadziwa ma ndi me, wawerenga kale "mame", ndipo mawa lake m'mamawa amakawagwira paudzu. Onjezani ta te ti to tu, basi moto ndi mutu zabwera zokha. Tamuyeseni ndi "eight" muone momwe akuyang'anireni. Chingerezi sindidana nacho, ndi chimene chimandidyetsa, ndipo mwanayu adzachiphunzira. Koma munthu amaphunzira kuwerenga kamodzi kokha, bwanji osayambira m'chinenero chomwe amalotera?

Zipangizo zathu ndi makala pasimenti, kamtengo pamchenga, ndi zitsekero za mabotolo za masamu. Kumsika amandiwerengera tomato pamulu. Buku la Chichewa la Sitandade 1, lija amakonza a Malawi Institute of Education ku Domasi, anandibwereka aphunzitsi ena oyandikana nafe nyumba. Patsiku sitikwanitsa ngakhale ola limodzi. Akatopa timasiya.

"Nanga azisewera ndi ndani?" Funso limeneli mwalitola pa intaneti, abale. Kuno ikangokwana 2 koloko ana a mdera lonse amakhala panja, phada, chipako, masanje, mpaka kuwaitana ndi mkwapulo m'manja. Panopa ana ena 3 amabwera pakhonde pathu, ndipo Lachiwiri ndi Lachinayi amaphunzitsa ndi mayi a mmodzi mwa iwo.

Aphunzitsi a sukulu za boma sindikulimbana nawo. Chiyambire pulayimale yaulere mu 1994 akhala akusenza katundu wosasenzeka, ena ana oposa 100 m'kalasi imodzi. Mayi amene amalawirira kukagulitsa kumsika nayenso sindingamuuze kuti akhale pakhomo. Nasale kwa iye ndi mpumulo. Amene ndikukangana nawo ndi inu amene mumayeza maphunziro ndi yunifomu, chikwama cholemera kuposa mwini wake, ndi gauni ya "graduation" ya mwana woti sadziwa kumanga zingwe za nsapato. Chithunzicho pa Facebook chimakongola, inde. Koma mwamufunsapo mwanayo kuti akuwerengereni dzina lake lomwe?

Lamulo la maphunziro la 2013 limati pulayimale ndi yokakamiza, ndipo Sitandade 1 amayamba ali ndi zaka 6. Ndikudziwa. Tatsala ndi zaka 2, ndipo ikadzakwana nthawiyo ndidzapita ndekha kukakambirana ndi ahedi.

Azakhali akuti abwera Loweruka kudzaona okha. Mwana wawalembera kale moni pakhonde ndi khala, mvula isangogwa.