Mmishoni Amene Anthu Amamuiwala

Anthu ambiri akamva mau akuti "mmishoni" amangoganiza za Mzungu wandebvu wokhala m'nyumba ya njerwa. Maganizo otere ndi olakwa, pakuti amamana ulemu anthu ena amene anaugwirira nchito.

M'caka ca 1876 kunafika ku Cape Maclear munthu wakuda wa mtundu wa Axhosa, dzina lace William Koyi, wocokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa. Iyeyu sanaphunzire kwambiri, koma anali naco cinthu cimene Dr Robert Laws analibe: Angoni anali kumva cinenero cace. Cifukwa cace ndiye anakakhala ku Njuyu, m'dziko la Inkosi M'mbelwa, m'caka ca 1882.

Moyo wace kumeneko unali wa mabvuto. Angoni anakana sukulu poopa kuti ana ao angafooke pa nkhondo. Koyi sanapse mtima, ndiponso sanathawe. Tsiku ndi tsiku anali kuceza ndi nduna pabwalo, kumasulira mau pakati pa Azungu ndi Angoni, ndi kupemphera, cinkana otembenuka sanaoneke. Cilolezo ca sukulu cinadza m'caka ca 1886 iye ali gone pamphasa, ndipo anamwalira caka comweco.

Nanga bwanji anthu amachula Laws kakhumi, koma Koyi kamodzi? Kodi wozula zitsa ndi wocepa kwa wokolola? Mutu umodzi susenza denga. Aphunzitsi ndi abusa aziuza ana zoona, kuti Uthenga Wabwino sunadze ndi khungu limodzi lokha ai.