Ife Okankha Njinga za Makala Tikudandaula

Kwa inu akuluakulu a boma oona za nkhalango ndi chilengedwe,

Amene tikulemba kalatayi ndife anthu a m'midzi yozungulira nkhalango ya Dzalanyama, cha ku Malingunde ndi ku Mitundu kuno. Ndife aja mumatipitirira mbandakucha pamsewu wa Likuni tikukankha njinga, matumba atatu kumbuyo, thukuta lili kamukamu. Pa wailesi mumatitchula kuti owononga chilengedwe. Dzinalo talimva kokwanira, ndiye lero mutimvereko nafenso.

Zoti nkhalango ikutha sitikukana, ndipo tikuzidziwa kuposa inu chifukwa timaziona ndi maso. Makolo athu ankazula bowa ndi kutola masuku pafupi pomwepa. Lero kuti upeze muwanga kapena mombo wokwana uvuni umodzi uyenera kulowa mkati mwenimweni, kulinga kumalire a Mozambique. Timitsinje tothira mu mtsinje wa Lilongwe tikuphwa msanga, ndipo tikudziwa kuti damu la Kamuzu, limene limamwetsa mzinda wa Lilongwe, limadalira mapiri a Dzalanyama omwewa. Palibe mwa ife amene amakondwa podula mtengo woti unamera agogo ake asanabadwe. Koma fodya sakutipindulira, feteleza anakwera kwambiri ndalama ya kwacha itagwa mu November 2023, ndipo makuponi amafika kwa anthu owerengeka pamudzi. Mwana akabwezedwa kusukulu, kapena mayi a kunyumba akagonekedwa kuchipatala, munthu umanyamula nkhwangwa.

Funso lathu loyamba ndi ili: makalawa amathera kuti? Ife kumudzi timaphikira nkhuni ndi zitsononkho. Makala onse amapita mtauni. Amatigula ndi a ku Chinsapo, ku Kawale ndi ku Mtandire, inde, koma amatiimitsanso pamageti a nyumba za mipanda ku Area 47 ndi ku Area 10, kumene kuli magetsi. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, kuzima kwa magetsi kunanyanya, ndipo sitinagulitsepo makala ngati chaka chimenecho. Otigula ena anali ovala mataye omwewa. Nanga bwanji mlandu ukabuka umagwera wokankha njinga yekha, wodya nsima yophikidwa pa mbaula n'kukhala wosalakwa?

Lamulo la nkhalango la 1997 limaletsa kuotcha makala popanda chiphaso. Mu 2020 munaliwonjezera mano: chindapusa chinakwera, zaka za kundende zinachuluka. Mu 2015 munali mutatumiza kale asilikali kudzalondera Dzalanyama. Mauvuni anaphwasulidwa, anthu anamangidwa, koma mtauni thumba silinasowe, linangokwera mtengo. Ife lamulolo timakumana nalo pamsewu. Akakugwira amalanda makala, amalanda njinga, nthawi zina n'kukuonjezera mbama. Njinga imeneyo mwina unaitenga pa katapila, ndipo ndi yomweyo imene umanyamulira wodwala usiku. Uli chiimire pomwepo ukulira, lole yodzaza matumba, yofunditsidwa lona, imaima pang'ono, woyendetsa n'kutsika, kunong'onezana ndi wina kuseri, kenaka ulendo. Kangachepe kamene iye angapereke ife sitingakakwanitse. Eni malole amenewa sakhala m'midzi mwathu, ndipo amene amawagwira pamsewu amawadziwa bwino.

Chimene chimatipweteka koposa ndi ichi. Makala olandidwa aja satayidwa ayi, amagulitsidwa, n'kukathera pa mbaula zomwezija za mtauni. Ndiye kuti makala ndi oipa akakhala panjinga ya mmphawi, koma akalowa m'manja mwanu ayera? Mtengo uja unagwa kale. Chasintha n'chakuti amene anagona m'tchire sabata yathunthu akulondera uvuni wabwerera kwawo wapansi, chimanjamanja.

Mumati titenge chiphaso. Tamva ndithu kuti kuli makampani ngati a Kawandama Hills ku Viphya amene amaotcha makala movomerezeka kuchokera ku mitengo yodzala okha. Zabwino zimenezo. Koma chiphaso chimafuna kuti ukhale ndi nkhalango yakoyako ndi mapepala a kasamalidwe kake. Munthu wa ekala imodzi, imene chimanga chake sichifika ndi mu December momwe, adzala pati mitengoyo? Ndondomeko yanu ya makala ya 2017 mpaka 2027 inanena zothandiza anthu onga ife kupeza njira zina zopezera ndalama. Zaka zake zikutha, ife kuno tikungoimvera pa wailesi.

Za kudzala mitengo nazo tinenepo pang'ono. Chaka chilichonse kuyambira pa 15 December mpaka pa 15 April kumakhala mwambo, magalimoto ndi zithunzi. Ife timakumba maenje. Mvula ikatha palibe amabwera kudzaona mbande, mbuzi ndi moto wolusa zimamaliza, chaka chamawa tikumbanso pomwepo. Mukanapatsa anthu a pamudzi ganyu yolipidwa yosamalira mbandezo ndi kulambula njira zotchinga moto mpaka mitengo itakula, ambiri a ife tikanaika nkhwangwa pansi. Ntchito ya makala si yoikonda: chifuwa sichitha, msana umapindika munthu usanakalambe.

Tsono pempho lathu ndi ili, mabwana. Yambani ndi malole ndi eni ake, ndipo amene amawatsegulira njira nawonso aone khoti. Njinga zolandidwa zibwezedwe kwa eni ake. Tiloleni tipange magulu, mutipatse malo ogugawa tidzalepo nsungwi ndi mitengo yokula msanga, chiphaso chikhale cha gulu pa mtengo woti tingaukwanitse. Tsitsani mtengo wa gasi ndipo magetsi akhale odalirika, chifukwa ngati mayi wa mtauni alibe pena pophikira, wina adzadula mtengo ndithu, mukatimanga ife adzabwera ena. Ndipo pokonza malamulo otikhudza, bwerani mudzakhale nafe pabwalo la mfumu, osati kumahotela a ku Salima kumene ife sitifikako.

Tikudikira yankho lanu kudzera kwa mafumu athu.

Ndife,
Ootcha ndi ogulitsa makala a m'mphepete mwa Dzalanyama