Chulu ndi mtsuko pa bolodi ya jogalafe

Pa 15 Novembala 2022 bungwe la United Nations linalengeza kuti anthu padziko lapansi akwana mabiliyoni 8. Mphunzitsi wa jogalafe akalemba nambalayi pa bolodi n'kufunsa chifukwa chake, manja amakwera msanga: anthu akubereka mopitirira muyezo. Yankholi limakoma m'khutu, koma mbiri siligwirizana nalo.

Anthu anakwana biliyoni imodzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo yachiwiri inadikira mpaka 1927. Koma kuchoka pa mabiliyoni 3 mu 1960 kufika pa 4 mu 1974 panangopita zaka 14. Sikuti amayi a nthawi imeneyo ankabereka kuposa agogo awo ayi. Chimene chinachepa ndi maliro a ana. Katemera, madzi aukhondo, mankhwala ndi chakudya chokwanira zinapulumutsa makanda amene kale akanamwalira asanaleke kuyamwa, mpaka anakula n'kukhala makolo nawonso. Nthomba, imene inkapulula midzi, inalengezedwa kuti yatheratu padziko lonse mu 1980. N'chifukwa chake agogo ambiri kumudzi akamatchula ana awo amawerenga kawiri: amene anabereka, ndi amene anatsala.

Uchembere umatsika pambuyo pake, ndipo umatsika mwaulesi. Makolo amayamba aona kaye kuti ana akupulumukadi, atsikana akhalitse pasukulu, njira zolera zipezeke pafupi. Nyengo imene imfa zachepa koma uchembere usanatsike ndiyo imathamangitsa chiwerengero.

Kuno kwathu ku Malawi kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni, pomwe wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Komatu kafukufuku wa boma wa 1992 anasonyeza kuti tikagawa mofanana, mayi mmodzi ankabereka ana 6.7, ndipo pofika 2016 nambalayo inali itatsika kufika pa 4.4. Nanga bwanji tikuchulukabe chonchi?

Apa mphunzitsi atenge choko ajambule. Mizere yopingasa yosanjikizana, makanda pansi, okalamba pamwamba, amuna kumanzere, akazi kumanja. Chithunzi cha Malawi chimatuluka ngati chulu, chotambalala pansi, chosongoka pamwamba, pakuti mu 2018 theka la Amalawi linali lisanakwanitse zaka 18. Ana amene lero adzaza kalasi ya Sitandade 1 mpaka ena kukhala pakhomo, pakatha zaka 20 ambiri adzakhala pabanja. Ngakhale banja lililonse litangobereka awiri basi, obadwa adzaposabe omwalira kwa zaka zambiri, chifukwa obereka ndi ochuluka kuposa okalamba. Wophunzira amene wamvetsa zimenezi, kwa ine, waposa mnzake amene waloweza pamtima mndandanda wa kuipa kwa kuchulukana kuti akalavule pa mayeso a MSCE.

Pambali pa chulucho ajambule Japan. Chithunzi chake chimaoneka ngati mtsuko, chotupa kumtunda, chopanikizika pansi. Pafupifupi anthu atatu mwa khumi alionse kumeneko ali ndi zaka 65 kapena kuposerapo, ndipo sukulu zakumidzi zikutsekedwa posowa ana. Ku South Korea mu 2023 uchembere unatsika kufika pa 0.72, chikhalirecho pamafunika ana pafupifupi 2.1 pa mayi aliyense kuti chiwerengero chisatsike. China inayamba kuchepa mu 2022, ndipo chaka chotsatira India inaiposa.

M'zaka za m'ma 1960 anthu padziko ankawonjezeka ndi 2 pa 100 alionse chaka chilichonse. Lero safika ndi mmodzi yemwe. A United Nations akuyerekeza kuti chiwerengero chidzafika pachimake, pa mabiliyoni pafupifupi 10.3, m'zaka za m'ma 2080, kenako n'kuyamba kubwerera pansi. Ana amene akukopera chulu chija m'makope awo adzakhala nkhalamba nthawi imeneyo, ali pamzere wapamwamba wa chithunzicho.