Utsi wa M'chilimwe ndi Masamu Aulesi

Pali bodza lomwe lamera mizu ngakhale pakati pa anthu ophunzira, lakuti mpweya woipa ndi vuto la m'mizinda yokha, ndi kuti mlimi wa ku Chiosya m'boma la Mchinji amapuma mpweya wangwiro. Wonena zotere sadafikeko kumeneko mwezi wa Seputembala, pamene anyamata osaka mbewa atentha tchire, mauvuni a njerwa akufuka usana ndi usiku, ndipo dzuwa likulowa lofiira ngati khala la moto.

Utsiwu sutsokomoletsa anthu okha. Ukaombedwa ndi dzuwa lamphamvu umabala mpweya wotchedwa ozoni, umene umalowa m'timabowo ta masamba, nuwachititsa mawanga, ndipo mbewu imapinimbira. Nyemba, soya ndi fodya zili m'gulu la mbewu zosachedwa kuvulala. Mlimi wa m'dimba akaona nyemba zake zachita mawanga amathamangira mankhwala a tizilombo, chonsecho mwina mdani wake ali mumlengalenga. Ndipo utsiwu sudziwa malire. M'chaka cha 2000 akatswiri a kafukufuku wa SAFARI 2000 adaona utsi wa moto wolusa wochokera ku Zambia, Angola ndi maiko oyandikana nawo ukuyenda ngati mtsinje kulowera kunyanja ya mchere ya India.

Chokhumudwitsa koposa ndi masamu aulesi. Munthu amaphatikiza muyeso wa miyezi 12, nagawa mofanana, kenaka nkulengeza kuti mpweya uli bwino. Miyezi ya dzinja, pamene mvula yatsuka mlengalenga, imameza zoipa zonse za chilimwe. Kodi banja lomwe lidagona ndi njala mu Febuluwale lingauzidwe kuti lidadya bwino chaka chonse chifukwa nkhokwe idadzaza mu Meyi? Tsamba limapsa pa maola ochepa omwe mpweya waipitsitsa. Nchifukwa chake ku Ulaya, poteteza mbewu, amaunjika maola a masana omwe ozoni yapyola mlingo wa 40 ppb m'miyezi itatu imene mbewu zikukula.

Malawi ali ndi lamulo loteteza chilengedwe kuyambira 1996, ndipo lomwe lidalowa m'malo mwake mu 2017 lidakhazikitsa bungwe la MEPA. Alangizi a zaulimi amalemba kale kagwedwe ka mvula tsiku ndi tsiku. Pambali pa choyezera mvulacho paikidwenso choyezera mpweya, ndipo zotsatira za Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala zilembedwe pazokha, ola ndi ola.