Bokosi la foni pa malo a mbumba

Walira mvula walira matope. Anthu a ku Mulanje analirira netiweki, ndipo lero nsanja ndi mabokosi a foni zaima pafupi ndi nyumba zawo. Mkangano sugona pa chitsulocho ayi, koma pa amene anavomereza. Pakati pa Alhomwe ndi Amang'anja malo ndi a mbumba. Mkamwini, ngakhale atamera imvi pamudzipo, alibe mphamvu yosainira pangano la lendi. Mwinimbumba ndi alongo ake afunsidwe dzenje lisanakumbidwe, makamaka m'boma lomwe minda ya tiyi inatenga kale nthaka yambiri. Ngakhale lamulo la malo a makolo la 2016 limafuna amayi osachepera atatu m'komiti ya malo. Nanga mlendo wa kampani angofunsiranji bambo amene wampeza pakhonde?